Kuthamanga sikufika: ulendo wa ku Joni umafuna kamba woonjezera

Munthu wa ku Lifidzi akatsazika kuti akupita ku Joni, funso loyamba la abale limakhala lakuti akafika liti. Ambiri amayankha kuti mkuja, poti ndi momwe ogulitsa matikiti amawauzira. Komatu amene anayendapo njirayi amadziwa kuti tsiku lonyamuka lokha ndi limene munthu angalitchule motsimikiza. Tsiku lofika limadalira mvula, milatho, zipata za m'malire, matayala a basi ndiponso mtendere wa mayiko atatu omwe munthu amadutsamo.

Kuchokera ku Vila Ulongué kukafika mumzinda wa Johannesburg pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700. Wapaulendo amatsika mapiri a Angónia nakakumana ndi mseu waukulu pa Mussacama, nadutsa Moatize, naoloka Zambezi ku Tete, napyola Changara mpaka kukafika pa chipata cha Cuchamano, chomwe mbali ya Zimbabwe amachitcha Nyamapanda. Kuchoka apo ndi Harare, Masvingo, Beitbridge, kuoloka Limpopo, Musina, kenaka nkukatsika pa Park Station. Ena amayamba ndi chapa kuchoka kumudzi, ena amadikira basi zochokera ku Lilongwe zomwe zimalowa pa Dedza ndi Calómuè. Zinthu zikayenda bwino ulendowu ndi wa masiku awiri. Zikavuta ndi masiku anayi, asanu, mwinanso sabata yathunthu.

Kuchedwa pakokha sikupha munthu. Chimene chimagwetsa ambiri m'mavuto ndi zomwe amachita ndalama zikatha, njala ikawapweteka ndipo mtima wodikira ukawathera.

Njirayi inayamba kukhota kale

Akuluakulu a m'midzi yozungulira mishoni ya Lifidzi amakumbukira nthawi imene anthu ankapita ku Halale wapansi, atasenza ufa ndi kampoto, kugona m'midzi ya eni ndi kuoloka Zambezi pa bwato. Ulendo unkatha masabata ndipo palibe ankadabwa. Pambuyo pake kunabwera Mthandizi, yemwe ankatenga anthu kupita nawo kukagwira ntchito ku Rhodesia, ndiponso Wenela, yemwe ankalemba anyamata a kutsidya kwa malire, ku Dedza, ku Ntcheu ndi maboma ena a m'Malawi, kupita nawo ku migodi ya golide ya ku South Africa.

Wenela ndiye anaphunzitsa anthu a m'midzi kukwera ndege. Ndege zake zinkanyamula anthu m'Malawi nkukawatula ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchoka kumeneko ankapitiriza pa sitima ya pamtunda. Pa 4 Epulo 1974 ndege ina ya Wenela, yomwe inanyamula anthu obwerera kumudzi, inagwa itangonyamuka pa bwalo la Francistown. Anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi omwe anali atatsiriza ntchito yawo ku migodi. Ofufuza anapeza kuti mafuta omwe anathiridwa m'ndegeyo anali atasakanikirana ndi mafuta a mtundu wina. Ngoziyi itachitika, Dr Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu m'Malawi. Ntchitoyi inadzayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, nkudzatheratu mu 1988.

Munthu amene akukwiya lero pa bwalo la ndege kaamba koti amakaniko akuchedwetsa ulendo, akumbukire za ku Francistown. Ndege yonyamuka mochedwa itaunikidwa bwino iposa yonyamuka pa nthawi yake ili ndi vuto m'mimba.

Nkhondo ndi milatho

M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati, mseu wa ku Tete sunali woyenda munthu yekha. Galimoto zinkayenda pa mdipiti womwe anthu ankautcha koluna, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, pakati pa Nyamapanda ndi Zóbuè. Wochedwa kufika pa chipata ankadikira mdipiti wotsatira. Oopa kutenthedwa kwa galimoto ankazungulira ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu, njira yomwe inkaonjezera mtunda wautali ndi ndalama zambiri. Nthawi yomweyo anthu a ku Angónia anali atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo chiwerengero cha othawa nkhondo m'Malawi monse chinapyola 1 miliyoni. Pangano la mtendere lomwe linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi lomwe linatsegulanso miseu. Koma koluna inadzaonekanso mu 2016 pa mseu wochokera ku Changara kulowera ku Manica, pomwe malole ena anatenthedwa.

Mtendere ulipo, milatho nayo imachedwetsa anthu. Mlatho wa Samora Machel wa ku Tete, womwe unatha kumangidwa mu 1973, kwa zaka zambiri unali wokhawo woolokera Zambezi pamenepo. Pomwe unkakonzedwa cha m'ma 2009 ndi 2010, malole ankandanda makilomita angapo mbali zonse ziwiri ndipo madalaivala ankaphika nsima m'mbali mwa mseu. Zinthu zinapepuka mu 2014 pomwe mlatho wachiwiri wa Kassuende unatsegulidwa kumunsi kwa mzindawo.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Moatize ndi mzinda wa Tete. Madzi a mtsinjewu amachokera m'mapiri a kuno ku Angónia komwe, kotero kuti mvula yomwe inagwa m'minda ya chimanga ndi kachewere kumtunda ndi yomwe inakatseka njira kumunsi. Mkulu wa boma la Tete anamwalira masiku omwewo, galimoto yomwe anakwera itakokoloka ndi madzi pamene akuluakulu ankayendera anthu ovutika. Mlathowo utaduka, munthu wochokera ku Angónia wofuna kukakwera ndege pa bwalo la Chingozi ankayenera kuoloka Zambezi kawiri: koyamba pa Kassuende kulowa mumzinda, kachiwiri pa Samora Machel kubwereranso tsidya lomwe wachokera.

Zipata zikatsekedwa

Chaka cha 2020 chinaonetsa kuti malire angathe kutsekedwa munthu ali pakati pa ulendo. Kaamba ka mliri wa Covid-19, dziko la South Africa linaimitsa maulendo kuyambira pa 27 Malichi, ndipo ambiri omwe anapita kukaoda katundu kapena kukaona abale anakhala miyezi osabwerera. Mu Disembala chaka chomwecho mizere ya pa Beitbridge inatalika kwambiri kaamba koyeza matendawa. Anthu anagona masiku angapo m'basi ndi m'malole kunja kukutentha, ndipo ena anamwalira ali pamzere pomwepo. Pa 11 Januwale 2021 zipata za pamtunda zinatsekedwanso mpaka pakati pa Febuluwale. Kumapeto kwa Novembala 2021, mtundu watsopano wa kachilomboka utapezeka, mayiko ngati Britain ndi America analetsa anthu ochokera m'mayiko a kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi Malawi. Ena anamva nkhaniyi ali kale pa bwalo la ndege, tikiti ili m'manja.

Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, zionetsero zinatseka miseu yambiri m'Mozambique kwa miyezi ingapo, ndipo mu Novembala South Africa inatseka kwa masiku chipata cha Lebombo, moyang'anizana ndi Ressano Garcia. Omwe anali atakonzeka kubwera kudzalima kapena kudzadya Khrisimasi kumudzi anayenera kusintha njira kapena kusintha tsiku.

Palibe wapaulendo amene akanatha kuletsa namondwe, mliri kapena zionetsero. Chimene chili m'manja mwake ndi momwe wakonzekera ndiponso zimene angavomere kapena kukana akatsakamira panjira.

Njira ya chidule

Pa chipata chilichonse pomwe anthu atopa ndi kudikira, pamafika anthu olankhula mokoma omwe amati akudziwa njira ya chidule. Pa Beitbridge pali malayitsha, madalaivala omwe ena mwa iwo amalonjeza kuolotsa munthu popanda chidindo, ndipo m'tchire la m'mbali mwa Limpopo muli magumaguma, achifwamba omwe amalanda ndalama, mafoni ndi zovala, komanso kugwiririra amayi. Nthawi ya dzinja mtsinjewo umadzaza ndipo muli ng'ona. Wopulumuka zonsezi amakhala akubisala a polisi, ndipo akagwidwa amakasungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo chimanjamanja.

Anthu a m'chigawo cha Tete sanaiwale zomwe zinaoneka pa sikelo ya malole ya pa Mussacama pa 24 Malichi 2020. Akuluakulu a boma atatsegula kontena ya lole yochokera ku Malawi, anapeza mitembo ya anthu 64 a ku Ethiopia omwe anafa kaamba kosowa mpweya. Amoyo analipo 14 okha. Anthuwa anali atalipira ndalama kuti awadutsitse mobisa pa ulendo wawo wopita kumwera. Malowa ali pa mphambano yomweyo imene aliyense wochokera ku Ulongué amakhota popita ku Tete. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Palinso chidule china chomwe apaulendo amachipempha okha. Basi ikachedwa pa chipata, ena amayamba kukalipira dalaivala kuti athamange pofuna kubweza nthawi yotayika, osaganiza kuti munthuyo wagwira chiwongolero usiku wonse. Mu Okutobala 2025 basi yonyamula anthu a ku Zimbabwe ndi Malawi inagwera kuphompho m'mapiri a kufupi ndi Makhado, pa mseu wopita ku Beitbridge, ndipo anthu oposa 40 anafa. Wapaulendo wanzeru akaona dalaivala akusinza kapena basi itadzaza mopyola muyeso, amalankhula, ndipo zikakanika amatsika.

Ndege nayo imachedwa

Masiku ano si azungu ndi akuluakulu a boma okha omwe amakwera ndege. Ana a sukulu opita kukaphunzira kunja, amalonda, odwala ndi othamangira maliro amakweranso. Kwa munthu wa ku Lifidzi, bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pafupi kuposa la Chingozi ku Tete, ndipo kuchoka pa lililonse mwa mabwalowa ulendo wa ku Johannesburg sufika maola 3. Wopita kutali, monga ku Ulaya kapena ku Asia, kawirikawiri amasintha ndege ku Johannesburg, ku Addis Ababa kapena ku Nairobi.

Zifukwa zochedwetsa ndege ndi zodziwika. Pali mvula ya mabingu ndi chifunga, zomwe zimalepheretsa ndege kutera. Pali vuto la makina, lomwe malamulo salola kulinyalanyaza. Oyendetsa ndege nawo ali ndi maola omwe saloledwa kupyola asanapume. Komanso ndege imodzi imayenda maulendo angapo pa tsiku, motero ikachedwa m'mawa kwina, onse oidikira madzulo amachedwa nawo. Ndege ikalephera kutera pomwe imapita, imakatera pa bwalo lina, ndipo mafuta a ulendo woterewu amakhala atawerengedwa kale isananyamuke. Choncho munthu akamva kuti ndege yakhotera kwina asaganize kuti imfa yafika.

Ngakhale mayiko olemera zimawaonekera. Mu Epulo 2010 phiri lina la ku Iceland linaphulika ndipo phulusa lake linatseka mlengalenga mwa Ulaya pafupifupi sabata imodzi. Maulendo a ndege okwana ngati 100,000 analephereka, ndipo anthu anagona pansi m'mabwalo a ndege monga momwe anzawo amagonera pa Nyamapanda.

Wokwera ndege ayenera kudziwa zinthu zingapo. Ngati ulendo uli wosintha ndege panjira, ndi bwino kugula tikiti imodzi ya ulendo wonse. Akatero, ndege yoyamba ikachedwa nkumuphonyetsa yachiwiri, kampani imamupezera malo m'ndege ina popanda kulipiranso. Wogula matikiti awiri osiyana pofuna kutchipitsa, yachiwiri ikamusiya ndalama zake zapita. Kuchedwa kukakhala kwa maola ambiri kapena kwa usiku wonse, apite pa tebulo la kampaniyo nakafunse za chakudya ndi malo ogona, poti makampani ambiri amapereka vuto likakhala lawo, koma nthawi zina amapatsa okhawo amene afunsa. Safunsa anadya phula. Asatuluke m'bwalo la ndege m'dziko la eni asanatsimikize kuti mapepala ake akumulola kutero. Mankhwala, mapepala, chaja ya foni ndi chovala chimodzi chosinthira zikhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Sutikesi ikapanda kufika, akalembetse pomwepo asanatuluke, ndipo asataye kapepala komwe anamatiridwa pa tikiti ponyamuka.

Kamba wa masiku ano

Kale kamba anali ufa, mtedza wokazinga ndi chimanga chokazinga. Lero zimenezi zikufunikabe, poti chakudya cha pa chipata ndi chodula, koma kamba wakula.

Choyamba ndi mapepala. Pasipoti ikhale yosatsala pang'ono kutha ndiponso yokhala ndi masamba opanda chidindo. Mu 2005 mayiko a Mozambique ndi South Africa anagwirizana kuti anthu awo aziyenderana popanda viza kwa masiku 30, koma chimene chimagwira ntchito ndi tsiku lomwe lalembedwa pa chidindo. Wapaulendo aliwerenge asanachoke pa windo. Malinga ndi malamulo omwe South Africa inakhazikitsa mu 2014, wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo akapyola ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka 5. Pa chifukwa ichi, wodikira tsiku lomaliza kuti anyamuke akusewera ndi moto, poti basi ikafera pa Polokwane chidindo sichimudikira.

Chachiwiri ndi ndalama. Ulendowu umadutsa m'dziko la metikali, la dola ndi la randi, ndipo wodzera ku Dedza amafunanso kwacha. Munthu apatule ndalama zokwanira kudya ndi kugona masiku awiri kapena atatu oonjezera, azisunge pa thupi posiyana ndi zina, ndipo asaziwerengere pa zogula. Osintha ndalama a m'mbali mwa mseu amadziwa munthu wothedwa nzeru pomuona nkhope, ndipo mtengo wawo umakwera dzuwa likamalowa.

Chachitatu ndi manambala a foni olembedwa pa pepala. Foni imatha moto, imabedwa, ndipo khadi ya Movitel kapena Vodacom ya kuno ingathe kusiya kugwira munthu akangopyola Cuchamano. Pepalalo likhale ndi nambala ya wodikira ku Joni, dzina la dera lomwe amakhala, ndi nambala ya wachibale wa kumudzi amene angathe kutumiza ndalama mwamsanga.

Chachinayi ndi mankhwala. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi atenge oposa masiku a ulendo, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Mu 2020 ambiri anavutika kaamba koti anatenga mankhwala a mwezi umodzi, malire nkutsekedwa miyezi.

Chachisanu ndi madzi ndi chofunda. Munthu wokulira m'mphepo ya ku Angónia sazolowera kutentha kwa ku Tete, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40. Basi ikafera pakati pa Tete ndi Changara, botolo la madzi limaposa ndalama. Koma ku Johannesburg mu Juni ndi Julayi kumazizira mofanana ndi ku Domwe kapena kuposa, ndipo wogona pa siteshoni wopanda bulangete amadwala.

Chomaliza ndi anzake a paulendo. Mutu umodzi susenza denga. Anthu atatu kapena anayi akagwirizana, mmodzi amalondera katundu wina akapita kukasamba, mmodzi amagona wina ali maso. Amayi oyenda okha kapena ndi ana akhale pamodzi ndi amayi anzawo pamalo owala. Basi ikafa, onse asunge matikiti awo ndipo alankhule ndi kondakitala ngati gulu, poti kampani imamva msanga anthu 40 kusiyana ndi mmodzi. Ndi bwinonso kufunsa nthawi yotsekera chipata chilichonse. Pa Beitbridge amagwira ntchito usana ndi usiku, koma si zipata zonse zomwe zimatero, ndipo basi yofika atatseka imagona pomwepo.

Otsala kumudzi nawo ali ndi mbali yawo

Nthawi zambiri chimene chimakankhira wapaulendo ku njira zoopsa ndi mawu ochokera kumudzi. Foni ikamalira ola lililonse kufunsa kuti wafika pati, ikamamuuza kuti anthu asonkhana kale ndipo ng'ombe yaphedwa, munthu amayamba kuganiza zotsika basi nkukwera chilichonse chimene chadutsa. Mabanja omwe akukonza ukwati, chinkhoswe kapena kumanga chiliza asaike tsiku la mwambo mawa lake la tsiku lomwe mlendo akuyembekezeka. Pakhale masiku atatu kapena anayi pakati, makamaka mu Disembala pomwe mizere imatalika, ndiponso mu Januwale ndi Febuluwale pomwe mitsinje imadzaza.

Chimodzimodzi pa maliro. Galimoto yobweretsa thupi kuchokera ku Joni imaima pa chipata chilichonse kuti mapepala aonedwe, ndipo pepala limodzi likasowa imagona pomwepo. Ankhoswe ndi a mfumu amachita bwino kudikira kumva kuti galimoto yaoloka Zambezi asanauze adzukulu tsiku lokumba manda, kuti anamfedwa asadyetse khamu la anthu masiku anayi chimanga cha m'nkhokwe nkutha.

Wapaulendo akaimba foni kunena kuti watsakamira pa Nyamapanda kapena pa Musina, abale asayambe ndi kumufunsa chifukwa chake sanafulumire. Amufunse ngati wadya, ngati ali pamalo otetezeka, ndiponso ngati ndalama zilipo. Zikakhala kuti zatha, amutumizire, ngakhale zitatanthauza kugulitsa thumba la kachewere pa mtengo wotsika. Thumba lina lidzakololedwa chaka chamawa.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Mlatho wa Revúbuè unakonzedwa, zipata zomwe zinatsekedwa mu 2020 zinatsegulidwa, ndipo omwe anadikira anafika kwawo, ngakhale mochedwa. Anthu 64 a pa Mussacama sanafike.